Mthiko, kamtondo ndi lathe: yankho kwa aphunzitsi a ku Katete

Funso: Ndine mphunzitsi ku Katete. Ndakhala ndikuonera pa YouTube anthu akusema timbale ndi masupuni pa lathe, makina ozungulitsa mtengo pousema, ndipo ndikufuna kuyamba ngati chotayitsa nthawi cha Loweruka, osati bizinesi. Ndikufuna kupanga mithiko, zipande, timitondo tosinjira adyo ndi rolling pin ya amayi kunyumba. Ndigule makina otani, poti malaiti ndi ovuta? Anzanga akuti mukula kapena mlombwa ndiyo mitengo yabwino, ndipo ndizipaka vanishi kuti ziziwala. Kodi n'zoona?

Yankho: Aphunzitsi, mwasankha bwino, koma funso mwaliyambira kumchira. Pa ntchito imeneyi wolamula ndi mtengo, kenako kuthwa kwa tchizulo, makina amabwera pomaliza. Munthu wa lathe yowotcherera pa msika wa Kapata ku Chipata, ali ndi mtengo wouma bwino ndi matchizulo atatu akuthwa, amatulutsa ziwiya zoti amayi aphikire zaka. Wina wa makina odula ochokera ku Johannesburg, koma mtengo wauwisi ndi tchizulo yobuntha, amangotulutsa utuchi ndi ming'alu. Choncho mundilole ndiyambe ndi mitengo.

Mukula usiyeni. Boma laletsapo kangapo kudula ndi kunyamula mtengo umenewu, ndipo kuyambira mu 2019 uli pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zikutha. Mu 2022 mlombwa ndi mbawa nazo zinalowa pa mndandanda womwewo. Lamulo lathu la nkhalango la 2015 limafuna chilolezo cha a Forestry podula ndi ponyamula mitengo yachilengedwe, ndipo sindikuona chifukwa choti mphunzitsi akachonderere pa roadblock kaamba ka chipika cha mthiko. Komanso mukula ndi mtengo wa utoto, ndiwo umapereka nkula yofiira ija, ndipo utoto umenewo simuufuna mumphika wa nsima. Mlombwa ndi nkhani ina: umasemeka bwino, supindika, ndi wokongola. Koma timabowo ta m'thupi mwake n'tatikulu, timamwa msuzi ndi mafuta. Ngati akalipentala akupatsani tizidutswa totsala pa zitseko, pangirani kambale ka nsawawa zokazinga kapena chigwiriro, zinthu zimene sizilowa mumphika.

Mitengo yabwino ya ziwiya ili kuseri kwa nyumba yanu. Woyamba kwa ine ndi gwafa. Ndi wolimba, mitsempha yake ndi yothithikana, alibe fungo, ndipo tchizulo ikadutsa amasalala yekha. Malalanje ndi mandimu ali chimodzimodzi, kungoti sapezeka aakulu. Mango ali paliponse kuno ku Eastern, amasemeka mosavuta ndipo mkati mwake mumakhala mizere yachikasu ndi yakuda yokongola zedi, koma amafumbwa msanga, ndipo mukasiya chipika pansi ndi khungwa lake chimachita mawanga a nkhungu. Ena utomoni ndi fumbi la mango zimawayabwa pakhungu, ndiye mudziyese kaye. Malaina ndi jakaranda ndi yofewa, yopepuka, yabwino kuphunzirirapo. Bulugamu amang'aluka mopanda ulemu, paini ndi wofewa kwambiri ndipo amanunkha utomoni. Tsanya wa ku chigwa cha Luangwa ndi muwanga zimatulutsa kamunsi kolemera bwino, koma zimabunthitsa tchizulo pakanthawi kochepa. Zidikire mpaka manja atazolowera.

Pali mitengo imene siyenera kufika ngakhale pakhomo la khitchini. Mwavi mukuudziwa mbiri yake. Nkhadzi, oleander wa maluwa apinki amene anthu amadzala m'mipanda, ndi indiya, zonsezi zili ndi poizoni. Mapolo a magetsi ndi a mpanda amaviikidwa m'mankhwala a chiswe, mapaleti olembedwa MB anafukizidwa ndi mankhwala ophera tizilombo, ndipo thabwa lililonse limene linapakidwa penti kapena oyilo wakuda wa galimoto lakanika kale. Ngati mtengo simukuudziwa dzina, musadyerepo.

Tsopano kuumitsa, pamene ambiri amagwera. Mtengo ukamauma sufupika, umafota m'mimba, ndipo mozungulira umafota pafupifupi kawiri kuposa mmene umafotera kuchokera pakati kupita kukhungwa. N'chifukwa chake nthambi imene mwaisiya yathunthu imang'aluka kuyambira pa kamtima kapakati paja, muisamale bwanji. Chochita n'kung'amba chipika pakati chikadali chauwisi, n'kuchotseratu kamtimako, kenako n'kudula zidutswa zokulirapo pang'ono kuposa chimene mukufuna kupanga. Nsonga zonse ziwiri, kumene madzi amathawira mofulumira, zimateni ndi phula la kandulo losungunula, guluu wa akalipentala kapena penti yotsala. Podzasema mudzadula nsongazo n'kutaya. Sanjani pamthunzi popita mphepo, mutalekanitsa ndi timitengo, osati pafupi ndi malata otentha a mu Okutobala. Osema a kunja amati thabwa lochindikala masentimita 2.5 limafuna chaka chathunthu. Kwathu kuno, mukadula mu Meyi kapena Juni, tizidutswa tating'ono timauma msanga kuposa pamenepo chifukwa mvula imakhala kulibe mpaka Novembala. Koma musawerenge miyezi, pimani. Ikani chidutswa pa sikelo ya kukhitchini, lembani tsiku ndi kulemera kwake ndi pensulo pamtengo pomwepo, ndipo mukaona kuti kwa milungu iwiri kapena itatu nambala sikutsikanso, chauma. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ya mbale ndi timitondo ili ndi njira yachidule. Semani mtengo ukadali wauwisi, koma musamalize: siyani khoma lochindikala gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwa kamwa lake, ndiye kuti mbale ya masentimita 15 ikhale ndi khoma la 1.5. Iikeni m'thumba la pepala kapena m'katoni pamodzi ndi zopala zake zomwe, osati m'pulasitiki. Idzauma itapindika ngati yalakwika. Mukaibwezera pa lathe mudzapeza kuti khoma lija likukwanira kuiwongola.

Dziwaninso kuti lathe imadziwa chinthu chimodzi basi, kuzungulira. Rolling pin, kamunsi, kamtondo, kambale ka mchere, chigwiriro cha kamtengo kopukusira delele, zonsezi zimathera pa makina. Mthiko ndi chipande ayi. Lathe idzakupatsani chigwiriro, koma kumutu mudzamaliza ndi sowo, kasemasema ndi mpeni monga achitira agogo a kumudzi. Ngati m'mudzi mwanu muli mkulu wosema zipande, mukakhale naye tsiku limodzi. Zimene akakuonetseni pa kasemasema YouTube ilibe.

Za makina. Mukagula, onani zinthu izi musanaone mtundu wa penti. Pakati pa misonga iwiri yogwira mtengo pakwane masentimita 45, apo ayi mthiko ndi rolling pin sizilowa. Thupi likhale lachitsulo cholemera, pakuti lathe yopepuka imavina ndipo kuvinako kumaonekera pa chiwiya; imangeni pa benchi ndi mabawuti, pansi muikepo matumba a mchenga. Mota ya mawati 350 mpaka 550 ikukwanirani. Funsani ngati mabowo ake ndi a saizi ya MT2 ndiponso ngati mazinga a kutsogolo ndi M33 kapena 1 inchi ya mazinga 8, chifukwa ndiyo masaizi amene zipangizo zake zimapezeka mosavuta. Timakina tating'ono totsika mtengo ta pa intaneti, toyendera adaputa ngati ya laputopu, ndi tosemera mikanda. Musatayirepo ndalama.

Kuwotcheretsa yanu n'kotheka, ndipo ambiri anayamba choncho: shafiti yowongoka, mabeyaring'i awiri, lamba ndi mota yakale. Chachikulu n'chakuti misonga iwiri ija iyang'anane ndendende mukaikumanitsa. Sankhani mota yolembedwa 1,400 rpm, kutanthauza yozungulira ka 1,400 pa mphindi imodzi, osati ya 2,800 ngati ya grinder. Pulley ya masentimita 5 pa mota ndi ya 10 pa shafiti ikupatsani 700, zikafanana mupeza 1,400, mukazitembenuza 2,800. Masamu a liwiro ndi osavuta kwa mphunzitsi: kukula kwa mtengo m'masentimita kuchulukitsa ndi rpm kusapitirire 15,000 mpaka 23,000. Mbale ya masentimita 15 isapose 1,500, ndipo ikadali ndi makona yambani pa 700. Lambayo muphimbe.

Malaiti mwanena zoona. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, tinkakhala maola 17 kapena kuposerapo pa tsiku opanda magetsi. Ngati mukudalira sola, kumbukirani kuti mota ikamadzuka imakoka mphamvu kangapo kuposa zimene zalembedwa pa thupi lake, ndiye inverter yaing'ono ya TV ndi mababu imangolira n'kuzima. Koma lathe inayamba kale magetsi kulibe. Ku England, m'nkhalango za kufupi ndi High Wycombe, anthu ankasema miyendo ya mipando pa lathe yoponda ndi phazi mpaka cha m'ma 1950. Kapangidwe kake mungakathe Loweruka limodzi: matabwa awiri ogona, mizati iwiri yokhala ndi mabawuti osongoledwa, chingwe chokulunga kawiri pa mtengo umene mukusema, kumwamba chimangidwe ku nsungwi yopindika kapena ku malegeni, pansi ku thabwa loponda. Mukaponda mtengo umazungulira kubwera kwa inu, ndiye mumadula. Mukakweza phazi umabwerera, mumabweza tchizulo pang'ono. Imakonda mtengo wauwisi wong'ambidwa, ndipo silola tchizulo yobuntha, mwendo umakuuzani nthawi yomweyo. Ine ndingakulangizeni kuyambira pamenepa musanatulutse ndalama ya term yonse.

Matchizulo simufunika bokosi lonse. Roughing gouge, yaikulu yokumbika ngati ngalande, ndi yochotsera makona. Spindle gouge ndi yopangira makhonde ndi mikombero ya chigwiriro. Parting tool ndi yodulira ndi kulembera malire. Mukafika pa mbale muwonjezere bowl gouge ndi scraper yozungulira kumutu. Roughing gouge isakhudze mbale ngakhale kamodzi: kumchira kwake kolowa mu mpini n'kopyapyala, ikakodwa imathyoka n'kuulukira kumaso. Skew, yodula mopendekeka, imasalaza kuposa zonse koma imalanganso kuposa zonse, ibwere pambuyo. Ngati thumba lilola gulani olembedwa HSS. Kusula tchizulo kuchokera ku sipuling'i ya galimoto n'kotheka kwa wodziwa kuzimitsa chitsulo, koma fayilo yakale ayi, imasweka ngati galasi.

Kunola ndiko theka la ntchito yonse. Mtengo wa masentimita 5 pa 1,400 rpm umadutsa pa mpeni mamita oposa 200 pa mphindi imodzi, ndiye musadabwe kuti tchizulo imene munanola m'mawa yabuntha musanamwe tiyi. Pa grinder gwirani mopepuka. Chitsulo wamba chikasanduka chabuluu kunsonga ndiye kuti chapsa, sichigwiranso kuthwa, choncho muziviika m'madzi pafupipafupi. Roughing gouge inoledwe pa madigiri 45, spindle gouge cha pa 35.

Kadulidwe kake ndi aka. Chitsulo chotsamirapo tchizulo chikhale pafupi ndi mtengo, mpata wosakwana theka la sentimita, ndipo musanayatse zungulitsani mtengo ndi dzanja muone ngati sukugunda paliponse. Yatsani mutaima pambali. Tsamiritsani tchizulo pa chitsulocho kaye, mpini uli pansi cha m'chiuno. Gundanitsani mtengo ndi msana wa kumene munanola, osati nsonga. Mudzamva kugogoda koma palibe chodulidwa. Kenako kwezani mpini pang'onopang'ono mpaka kamzere kopyapyala kayambe kutuluka. Pamenepo imani, musakwezenso, yendetsani thupi lonse m'mbali osati manja okha. Pa gwafa wouma bwino mudzaona timalamba topotana tikutsika pa dzanja lanu lamanzere, phokoso likusintha kuchoka pa kugogoda kufika pa kusiiita kosalekeza, ndipo mukagoneka tchizulo pamwamba pa mtengo osadumpha, makona atha. Mukaona fumbi lokhalokha m'malo mwa timalamba, mwina tchizulo yabuntha kapena mukupala m'malo modula. Pa zinthu zazitali monga kamunsi, chigwiriro ndi rolling pin, nthawi zonse dulani kuchokera ponenepa kutsikira powonda. Mukakwera chitunda nsonga imalowa pansi pa mitsempha, mtengo umakumbika, tchizulo n'kukutsomphokani.

Yambani ndi kamunsi ka masentimita 20, kenako rolling pin. Yosavuta ndi ya mtengo umodzi yopanda zigwiriro, masentimita 40 kutalika, 4.5 pakati, yowonda pang'ono kunsonga. Ya chapati ndi samusa imeneyo imakwana. Gonekani rula pamwamba muone ngati kuwala kukudutsa pansi.

Mthiko umafuna mtengo wong'amba ndi nkhwangwa, osati wocheka ndi sowo. Wong'amba umatsata mitsempha kuyambira kumutu mpaka kumchira, pamene wocheka umatha kuidutsa mopingasa, ndipo nsima ikalimba mumphika wa banja lalikulu umathyokera pakhosi pomwepo. Konzani chidutswa cha masentimita 45 kutalika, 7 m'lifupi, 3 kuchindikala, chepetsani mbali ya chigwiriro ndi sowo musanaike pa makina, ndipo semani chigwiriro chokha. Chenjerani ndi mutu wophwatalala uja: ukamazungulira umangooneka ngati chithunzithunzi, koma zala umazipeza. Chigwiriro chikayamba kuwonda chimanjenjemera n'kusiya mizere yopotana. Masulani pang'ono msonga wa kumbuyo, dulani mopepuka, ndipo pakhosi musawondetse kupitirira masentimita 2.

Pa zipande pali nzeru ina yokoma. Matani zidutswa ziwiri ndi guluu mutaika pepala la nyuzi pakati, semani ngati chibonga chokhala ndi mutu wozungulira, kenako lowetsani mpeni pa mzere wa pepala. Zimalekana n'kukhala zipande ziwiri zofanana, kwatsala kukumba mkati ndi kupala guluu yense. Yambani pa liwiro lotsika, ndipo nsonga zonse muzimange ndi waya kapena sikuluu kunja kwa pamene mukusema.

Kamtondo ndiko kovuta pa zonse mwatchula, chifukwa mumakumba molunjika mitsempha. Masikuluu omangira chipika ku lathe sagwira bwino kunsonga kwa mtengo, ndiye gwiritsani aatali, kapena chuck, chitsulo cha nsagwada zopanira mtengo, ngati muli nayo. Boolani kaye pakati ndi drill mpaka pamene mukufuna kulekezera, kenako kulitsani bowolo kuchokera pakati kupita kunja. Pansi pasiyeni masentimita 3. Mkati mukhale mokumbika mozungulira mofanana ndi mutu wa kamunsi, mopanda kona, apo ayi adyo ndi tsabola zimabisala m'mbali osasinjika.

Vanishi ayi. Imakhala pamwamba ngati chikopa, ikakumana ndi moto ndi madzi imakanganuka, tizidutswa take n'kulowa m'ndiwo. Saladi, mafuta ophikira aja, nayo ayi: imanata ndipo pakapita miyezi chiwiya chimayamba kafungo kovunda. Gulani liquid paraffin ku pharmacy, ija yomwa, osati palafini wa nyale. Sungunulani phula la njuchi gawo limodzi m'magawo anayi a mafutawo, m'chitini choimika m'madzi otentha, ndipo likazizira pakani ndi kansalu. Linseed oil ya ku hardware yolembedwa boiled ili ndi mankhwala oumitsa, si ya chakudya, ndipo nsalu zonyowa nayo zikaunjikana zimatha kuyaka zokha. Musanapake, salazani ndi sandipepa ya 120, 180 ndi 240, nyowetsani chiwiya ndi madzi, chiume, mudzamva chachita tiubweya. Chotsani timeneto ndi 320. Mukadumpha pamenepa chidzachita ubweyawo tsiku loyamba kutsukidwa. Mthiko wa nsima sufuna chopaka chilichonse.

Posalaza chotsani chitsulo chotsamirapo, ndipo sandipepa kapena nsalu musaikulunge pa chala. Malaya a manja aatali, tayi ndi wotchi zivulidwe. Valani chotchinga nkhope yonse, magalasi okha sateteza mano. Fumbi la mtengo si lamasewera: bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaliika m'gulu la zoyambitsa khansa mu 1995, makamaka ya m'mphuno, ndiye gwirirani pakhonde mutavala mask yeniyeni ya fumbi. Loweruka ana amakhala pakhomo ndipo lathe imawakoka. Mukachokapo zulani pulagi, makamaka malaiti akapita makina ali oyatsa, chifukwa akabwera adzadzuka okha.

Amayi, kapena mkwatibwi amene mudzamupatse pa kitchen party, muwauze kuti asamaviike ziwiyazi m'beseni usiku wonse kapena kuziyanika padzuwa pa thandala. Atsuke, apukute, aimike. Ndipo mukadzafika popanga kabotolo ka mchere kokhala ndi chivindikiro, onani mwezi. Chivindikiro chothina bwino mu Okutobala chimafufuma mvula ikagwa, mu Januwale osatsekuka. Chosema m'chilimwe muchisiyire kampata pang'ono.